Chitenje pa Ovolosi

Lolemba, 7 Juni 1976

Lero ndabwera kuchokera ku macheka ndikuthamanga ngati kamwana. Andisankha. Ine Anjelina wa a Damiano, amene ndakhala ndikusanja matabwa panja chaka chonsechi, ndikulowa mu shedi, ku makina.

Anyamata awiri a ku makina athawira ku Lilongwe, akuti kumeneko akumanga mzinda ndipo ntchito ndi mbwee. Ndiye m'mawa a Yeremiya, akapitawo athu, anatiika pamzere tonse apanja n'kumatiyang'ana ngati akusankha mbuzi pa msika wa Mayani. Anatenga mnyamata mmodzi, kenaka anadutsa amuna onse otsala n'kudzaima pa ine. Anati, "Uyu ndakhala ndikumuona. Manja ake ndi achangu ndipo salongolola." Amuna anaseka poyesa kuti ndi nthabwala. A Yeremiya sanaseke.

Ntchito yake ndi kuima kumbuyo kwa makina opala matabwa, kulandira thabwa likamatuluka. Andiyesa mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Ndikakhoza malowo ndi anga, ndipo mvula ikayamba sadzandiuzanso kuti kakhale kwanu monga amachitira nafe aganyu apanja. Mkazi sanagwirepo ntchito mu shedi muja, amangolowa kukasesa makina atazima.

Kristina, mnzanga wosanja naye, wandinyoza njira yonse. Akuti kuyambira lero azindigwadira popereka moni. Koma pa mphambano anandikumbatira mpaka nthiti kuwawa.

Mawa kukalandira zovala. Phazi andiyeza kale ndi kachingwe.

Lachiwiri, 8 Juni

Ndalandira. Mtima ukadali m'mwamba.

Jombo zakuda, zolemera, kutsogolo kwake muli chitsulo. Nditavala, a Yeremiya (ndizingolemba a Y.) anatenga hamala n'kumenya pa chala chachikulu. Ndinatseka maso, koma sindinamve kanthu. Chipewa cholimba chachikasu, m'kati muli timalamba toti chisakhale pa mutu penipeni, kuti chinthu chikagwa chipewacho chimve chokha. Magalasi otchinga mpaka m'mbali. Kansalu ka pamphuno koletsa utuchi. Zotseka m'makutu, zangati makapu awiri a tiyi olumikiza ndi waya. Ndinavala Kristina (K.) akulankhula, ndipo ndinangoona kamwa yake ikuyasama ngati nsomba. Ndamuuza kuti ndizibwera nazo pocheza.

Magolovesi achikopa aliponso, koma awa ali ndi lamulo lawo. Ndi onyamulira zipika ndi matabwa osapala. Pafupi ndi chilichonse chozungulira, kuvula. A Y. akuti golovesi ikagwidwa sipita yokha, imatenga ndi mwini wake.

Pomaliza wa ku sitolo anaponya ovolosi pa tebulo. Yabuluu, yonunkhira utsopano. Ndinaifunyulula ndipo ndinangoti kakasi. Miyendo iwiri. Kaya ndinkaganiza chiyani, ngati amuna onse mu shedi muja sindinawaonepo.

Chibadwire sindinapisepo mwendo m'buluku. Ndinakayesa kuseri kwa mulu wa matabwa, K. akulondera. Choyamba ndinalowetsa miyendo yonse mbali imodzi n'kugwa chagada pa utuchi, K. misozi mbwembwembwe ndi kuseka. Koma nditavala bwino sindinafune kuvula. Mphepo ya Juni siloweramo ngakhale pang'ono. Ndiye matumba! Pachifuwa, m'mbali, kumbuyo, lina pa ntchafu. Amuna akhala akutibisira zinthu.

Kunyumba ndaonetsa jombo zokha. Ovolosi ili pansi pa mphasa.

Lachitatu, 9 Juni

Makina akunoledwa mipeni, ndiyamba mawa. Anatiwerutsa msanga, ndiye ndinayala katundu yense pakhonde.

Abambo anasiya kusankha kachewere wa mbewu n'kudzakhala pansi. Chipewa anachigogoda ndi chala, n'kunena mofuula monga mwa masiku onse kuti cha ku Joni chinali ndi nyale. Jombo anavala, n'kuguba mpaka ku khola ndi kubwerera, nkhuku zili balala. Kenaka anafika pa zotseka m'makutu. Makutu awo anathera ku mgodi, sakumva mpaka munthu uwafuulire pafupi. Anazitembenuza nthawi yaitali, n'kuti, "Izi ife sanatipatse." Ndinawamvera chisoni moti ndinayang'ana kumbali.

Amayi anatenga magalasi n'kukalowa nawo m'khitchini mofuka utsi. Anatuluka akuseka, akuti awa ndi awo, ine ndikapemphe ena. Ndinaona kuti akondwa, ndiye ndinati mpata ndi womwewu. Ndinakatulutsa ovolosi.

Anaigwira ndi zala ziwiri m'mapewa.

"Ichi n'chayani?"

Ndinati n'changa, cha ku ntchito.

"Chili ndi miyendo."

Ndinati inde mayi.

Kuseka kuja kunatheratu. Anandifunsa ngati ndaiwala kuti boma linaletsa mkazi kuvala buluku, ngati sindinaone mtsikana uja anamuthamangitsa pa msika chifukwa cha diresi lalifupi chabe. Abambo anayamba kuti ku Joni anaona akazi m'mafakitale, koma amayi anawadula: "Kuno ndi ku Bembeke, bambo."

Takangana mpaka dzuwa kupendeka. Tagwirizana kuti ndivale, koma pamwamba pake chitenje, kuyambira m'chiuno mpaka pa jombo. Ndavomera msanga. Bola ndikalowe.

Lachinayi, 10 Juni

Tsiku loyamba. Manja atopa, zilembo zikupita kumene zifuna.

Pakhomo la shedi a Y. anandiimika. Anandilozera msomali pa khoma n'kuti chitenje chikhale apo. Ndinati amayi anena. Anangonditengera m'kati makina asanayake n'kundionetsa lamba wamkulu wochokera ku injini, ndi chitsulo chachitali chimene chimazungulira cham'munsi, molingana ndi mawondo, pafupi ndi pomwe ndiziima. Anati mu shedi muno mulibe cholendewera. Duku alowe yense m'chipewa, korona alowe m'malaya, mabatani a m'manja atsekedwe. Za lamulo akuti bwana amati m'kati muno ndi chovala cha ntchito, ukatuluka pa geti vala chitenje chako ngati mkazi aliyense.

Ndinamasula. Ndinakoleka pa msomali. Miyendo ndinkaimva ngati ya munthu wina, ndipo amuna onse mwadzidzidzi anali ndi china choyang'ana kudenga.

Kenaka injini inayaka ndipo manyazi onse ndinaiwala. Phokoso lake umalimva m'mano, ngakhale utatseka m'makutu. Thabwa limalowa uko lili nyankhalala, n'kutulukira kwa ine losalala, lofunda, lonunkhira paini. Ukachedwa pang'ono lina lakugunda kale m'mimba. Ndinachedwa kawiri kokha. Masana a Y. anadutsa n'kugwedeza mutu kamodzi, ndipo anyamata akuti kwa iwo kumeneko ndiye kuyamikira kotheratu.

Poweruka ndinavala chitenje changa bwinobwino. Amayi andifunsa ngati zayenda. Ndati zayenda. Zina sanafunse, inenso sindinanene.

Lachisanu, 11 Juni

Thabwa lalikulu lapulumuka m'manja mwa Linus, mnyamata wa mu shedi, n'kugwera pa phazi langa. Jombo yakalika, zala zonse zilipo. Linus yemweyo ndiye anaseka kwambiri tsiku londisankha, lero nkhope inachita kumuyera.

Ntchitoyi ndikuikonda. Ndalemba kuti ndidzakumbukire.

Lamulungu, 13 Juni

Tsiku layamba bwino n'kuipa.

Titatuluka mu Misa, azimayi ena anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zidendene. K. anandikokera pambali. Akuti nkhani yafala, yachokera kwa akazi a amuna aja anawadumpha pa mzere, yoti mwana wa a Damiano amayenda mbulanda pakati pa amuna. Mbulanda, pomwe ovolosi imatseka mpaka pakhosi. Ndinaseka, koma K. sanandithandize kuseka.

Masana kunabwera a tcheyamani a chipani a nthambi yathu. Sanabwerepo kwathu popanda makadi ogulitsa. Amayi anawapatsa mpando, n'kuwawotchera mbatata. Anakamba za chisanu, za mitengo ya kabichi, za msonkhano wa mwezi wamawa woti azimayi onse akavine. Potsanzika anaima pa mpanda n'kunena akumwetulira kuti amva zoti ku macheka kwayamba mavalidwe achilendo, koma iwo awayankha anthuwo kuti banja la a Damiano ndi lomvera, sizingatheke. Anatero basi n'kukwera njinga.

Abambo sanamve kanthu, anangowagwedezera dzanja. Amayi anakhala pansi pomwepo.

Anandifunsa maso ndi maso ngati ndimavula chitenje ku ntchito. Kunama sindikanatha. Ndinafotokoza za lamba ndi chitsulo chija, koma mawu anga ankangodutsa. Anati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Anatchula aphunzitsi aja a mudzi wa kuseri anatengedwa chaka chatha, amene mpaka lero mkazi wawo sakudziwa kumene ali. Zimenezo sindilemba zambiri pano.

Amayi anga si amantha. Njoka m'dimba amapha okha. Koma lero ndaona kuti akuopa.

Lolemba, 14 Juni

Ndadzuka n'kupeza ovolosi yapindidwa bwino pa mpando. Poinyamula chitenje chinabwera nayo. Asokerera. Kuzungulira chiuno chonse, ulusi wophatikiza, msoko wothina ngati wa thumba la chimanga, ndipo kutsogolo atseka mpaka m'munsi kuti chisatseguke.

Ndinati mayi, andibweza. Anati akubweze, uli moyo ndipo uli pakhomo pano. Anatinso ulusiwo ndikaudula ndidziwe kuti ndadula iwo.

A Y. anayang'ana msokowo, anaukoka pang'ono, n'kupukusa mutu. Anati amayi anga amasoka bwino, koma mu shedi sindilowa. Anandibwezera panja kosanja matabwa, pamalo panga n'kuikapo Linus. Akuti Lachisanu m'mawa bwana afuna dzina limodzi, ndipo iwo sangapereke dzina la munthu amene ali panja.

Ndasanja matabwa tsiku lonse ndili m'jombo ndi chipewa chachikasu, ngati msilikali wolondera nkhuni. K. anatulutsa lezala m'duku mwake n'kundiikira m'dzanja. Akuti dula m'mawa, madzulo tizisokanso tisanafike kumudzi. Ndinaigwira mpaka inafunda, n'kumubwezera. Msoko wa amayi ndi wanga sizifanana, angaone asanandipatse n'komwe moni. Komanso dzanja linangokana.

Ndalira kuseri kwa mulu womwe uja ndinayeserako ovolosi.

Lachiwiri, 15 Juni

Panja. Injini ikayaka mtima umandisiya n'kulowa mu shedi wokha. Ndinkafuna kukondweretsa amayi ndi a Y. nthawi imodzi, koma mapanga awiri avumbwitsa.

Abambo ayesa kundilankhulira, koma kunong'ona sadziwa. Anafuula kuti "Msiyeni mwana avale buluku lake" mpaka a nyumba yoyandikana anatulutsa mitu. Amayi anawatseka pakamwa ndi dzanja. Zaipiraipira.

Lachitatu, 16 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Lachitatu ndi tsiku limene azimayi a m'midzi amaloledwa kudzatola makungwa ndi zidutswa za matabwa kuseri kwa macheka. Amayi sabwera kawirikawiri, nkhuni tili nazo. Lero ndinangoona ali pakati pa gulu, afunda chitenje chawo chatsopano chobiriwira m'mapewa chifukwa cha chisanu. Sanapite kotola. Anandidutsa osandiyang'ana, n'kulunjika ku shedi. K. anati, "Akukawaona akapitawo ako."

Ndinawaitana, koma injini inali itayaka. Anyamata anakweza manja kuwaletsa, iwo anayesa moni. A Y. anali kumapeto kwenikweni atafulatira, ndipo amayi anadzera njira yachidule, pakati pa makina opala ndi khoma, pomwe ndimaima ine.

Ndinathamanga. Chitenje chosokerera chija chinkandimanga miyendo, ndinachikwinyira m'chiuno ndi dzanja limodzi.

Ndinaona nsonga ya nsalu yawo ikukhudza chitsulo. Inangoti pang'ono, ngati ikunyambita. Kenaka inakulungika. Nsalu inachoka phewa limodzi, ndipo amayi, m'malo moisiya, anaigwira ndi dzanja lamanja n'kuyamba kukoka. Mkazi aliyense akanatero, nsalu ikamachoka m'thupi umaigwira. Makina anawakoka mpaka anagwada, mutu ukupita ku lamba.

Ndinawagwira m'chiuno n'kukuwa kuti siyani, koma ndani akanamva. Ndiye ndinawamenya. Ndinamenya amayi anga pa dzanja ndi chibakera, kawiri, mwamphamvu zanga zonse. Zala zinatseguka. Tinagwera chagada tonse awiri pa utuchi.

Linus ndiye anazimitsa injini. Pomwe chitsulo chinkaima, nsalu ija inali itazungulira ngati chingwe, kwina itanyenyeka kukhala ulusi wokhawokha. Mu shedi munangoti zii. A Y. anabwera akuthamanga, anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma ataona chikhatho cha amayi chitasupuka anangovula chipewa. Kenaka anayang'ana nsalu yanga, imene inali itapulumuka m'dzanja langa n'kuyalika pansi pafupi ndi chitsulo chomwecho, n'kundiuza motsitsa kuti ndituluke pang'onopang'ono.

Tinapita nawo ku chipatala cha ku mishoni. Chala chimodzi chabzungunyuka, chikhatho amanga bandeji. Asisitere anafunsa za kutupa kwa pamwamba pa dzanja. Amayi anati ndi makina.

Ali moyo. Ndikulemba n'kumabwerezanso kuwerenga.

Lachinayi, 17 Juni

Ndinapita ku ntchito, panja pomwe paja. A Y. aletsa otola nkhuni kudutsa pa geti ya kutsogolo, ndipo anyamata akhomera matabwa kutchinga chitsulo chija mbali ya khoma. Lamba sangamutchinge yense, akuti amafunika kumuvula ndi kumuveka. Poweruka anandipatsa thumba la pepala, muli zotsala za nsalu ya amayi. Za mawa sananene kanthu.

Amayi anakhuthulira nsanzazo pa mphasa n'kumazisanja ndi dzanja lamanzere ngati angazilumikize. Palibe chidutswa chokwana ngakhale kumangira mwana kumutu. Abambo anatola chimodzi, anachiyang'ana, n'kutuluka kupita kudimba popanda khasu.

Ndinagwada kuti ndipepese za chibakera. Anandiletsa ndi dzanja. Anangofunsa, "Iwe umaima pati?"

Ndinati pomwe munagwada paja, koma kufupi pang'ono.

"Tsiku lonse?"

Ndinati tsiku lonse.

Anabwezera nsanza m'thumba n'kupita kukatsekera nkhuku.

Lachisanu, 18 Juni

Ndikulemba pa nthawi yopuma masana, utuchi uli pa pepala.

Kutacha ndinapeza amayi pakhonde, ovolosi ili pa miyendo, lezala ili kumanzere. Ankalephera. Msoko wawo womwe unawakanika, amadula ulusi umodzi n'kupuma. Ndinati ndithandize, anakana, akuti anasoka okha. Anaitana abambo kuti akoke nsalu uku ndi uku, iwo n'kumadula pakati, kwina n'kumaluma ndi mano. Chitenje chitachoka anachikung'untha n'kundipatsa kuti ndimange wamba, cha panjira.

Ndiye anati andiperekeza.

Njira ya ku macheka imadutsa pakhomo pa a tcheyamani. Ndinati tidzere kumunda, iwo anapitirira ngati sanamve. Akazi a tcheyamaniwo anali kusesa pabwalo. Anapereka moni, n'kufunsa kuti m'mawa uno ulendo wa kuti, nanga dzanjalo latani. Amayi anakweza bandeji m'mwamba kuti ioneke bwino.

"Ndikuperekeza mwana ku ntchito. Mukawauze amuna anu kuti pa msewu avala nsalu ngati mwana wa aliyense. Koma m'makina muja nsalu silowa. Ine ndinalowa nayo, ndi izi. Wofuna kufunsa adzafunse ine, mwanayu ndamuvula ndine."

Mayi aja anangogwira tsache. Titakhota pa mabulugamu amayi anandigwira phewa n'kunong'ona kuti tiime kaye. Anapuma, anachita chizindikiro cha mtanda, tinapitirira. Kaya zithera pati, sindikudziwa, iwonso sakudziwa.

Pa geti mlonda anafuna kuwabweza, a Y. anamukodola kuti awasiye. Tinafika pakhomo la shedi. Amayi anaima patali ndithu ndi khomolo, n'kutambasula dzanja lamanzere.

"Bweretsa."

Ndinamasula chitenje pamaso pawo, pamaso pa amuna onse, n'kuwapatsa. Anandiyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku jombo, nthawi yaitali. Anati, "Tatembenuka." Ndinatembenuka. Anapeza kaulusi kotsalira m'chiuno n'kukazula. Anabwera kutsogolo, analowetsa nsonga ya duku m'chipewa, n'kukoka batani la pa mkono kuti aone ngati latseka.

A Y. anafunsa kuti, "Mayi, ndilembe dzina liti?"

Amayi anati, "Mukufunsa ine? Mwana mwamuona."

Linus anachoka pamalo panga n'kundipatsa moni wa pamanja. Injini inayaka.

Amayi sanabwerere kumudzi. Ali apo pa chipika panja pa geti, chitenje changa achipinda pa miyendo, K. akuwagawira mbatata yake. Ndawatumizira mawu kuti azipita, kukuzizira. Abweza kuti adikira mpaka ndiweruke.